Mchere m'Madzi: Zoposa Zonse pa Dziko, Tikaziona Tili pa Chiromo

Pa Chiromo madzi sasowa. Apa ndi pamene Ruo, atatsika m'phiri la Mulanje, amadzathira mu Shire, ndipo kumpoto kwake kwayala dambo la Elephant Marsh, limene mu 2017 linalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse. Chaka cha mvula yambiri madziwa sakhala m'khwawa mwawo. Amadzagona m'nyumba za anthu, monga zinachitikira mu Januwale 2015, pa namondwe Idai mu 2019, pa namondwe Ana mu 2022 ndi pa namondwe Freddy mu 2023. Chidulireni madzi njanji ndi msewu mu 1997, wopita ku Bangula amakwera bwato.

Koma mukawoloka n'kuyenda m'midzi ya kutsidyako, kulowera cha ku Ngabu ndi Nchalo, mupeza mijigo ina ili yamoyo ndithu, yosathyoka paliponse, koma yopanda mzere wa zigubu. Mukafunsa kuti, "Amayi, bwanji mwaulambalala mjigowu?" yankho lake ndi lalifupi: "Ndi wa mchere umenewo, bambo." Madzi ake sopo sachita thovu, tiyi amamveka ngati msuzi, ndowa ikauma imatsala mbuu m'mbali. Ndiye mayi uja amapitirira ulendo wa kumtsinje, kumene kuli madzi okoma, komanso ng'ona ndi kolera.

Ludzu la pakati pa madzi limeneli landichititsa kufufuza za anthu amene vuto lawo likufanana ndi lathu koma n'lokula kambirimbiri: a m'chipululu, oyandikana ndi nyanja yamchere, amene anaganiza zoimwa nyanjayo. Ndasonkhanitsa zazikulu koposa, zakale koposa, zotsika mtengo koposa ndi zimene zinadya ndalama pachabe, ndipo pamene ndingathe ndaziyeza ndi muyeso wa kwathu, chigubu cha malita 20.

Madzi owawa mchere koposa

Lita imodzi ya madzi a m'nyanja zikuluzikulu imakhala ndi mchere wokwana magalamu 35, ngati masupuni a tiyi 6. Lilime la munthu limayamba kukana mchere ukangopitirira galamu imodzi pa lita. Nyanja Yakufa, imene Buku Lopatulika limaitcha Nyanja ya Mchere, ili ndi mchere pafupifupi kakhumi kuposa nyanja zinazo, ndipo gombe lake ndiye malo otsika koposa pamtunda wa dziko lapansi, mamita oposa 430 kunsi kwa mulingo wa nyanja. Mu Africa malo otsika koposa ndi nyanja ya Assal ku Djibouti, mamita 155 kunsi, nayonso yowawa mchere zedi.

Sizinangochitika kuti malo otsika koposa akhalenso a mchere koposa. Madzi akafika potsika nasowa potulukira, dzuwa limamwa madziwo n'kusiya mchere. N'chifukwa chake Chilwa, nyanja yopanda mtsinje wotuluka, ili ndi kamchere pamene Nyanja ya Malawi ilibe. Ndipo malo otsika koposa m'Malawi ali kuno ku Chigwa cha Shire, pamene Shire amatulukira kulowa mu Mozambique, mamita 37 okha pamwamba pa mulingo wa nyanja. Kutentha kwake mu Okutobala ndi Novembala kumadutsa madigiri 40. Maurice Monjerezi wa ku Chancellor College ndi anzake, atayeza madzi a m'mijigo ya Chigwa, anaonetsa mu 2011 kuti mcherewu umachokera kuwiri: wina umasungunuka m'miyala yakale ya pansi n'kukwera kudzera m'ming'alu ya nthaka, wina umaunjikana pamene madzi a pansi ali pafupi ndi dzuwa n'kumauma chaka ndi chaka. Ndiye mjigo wina umatuluka wokoma, wina wapafupi pomwepo n'kutuluka wowawa.

Makolo athu a Chimang'anja mcherewu ankauona ngati chuma. Amayi ankapala dothi la mchere, kulitcheza ndi madzi, n'kuphika madziwo mpaka mchere utatsala mumphika, ndipo ankausinthanitsa ndi anthu a kumapiri. Elias Mandala anafotokoza za ntchito imeneyi m'buku lake la mbiri ya Chigwa la mu 1990. Agogo athu ankataya madzi kuti apeze mchere. Zidzukulu zikufuna kutaya mchere kuti zipeze madzi, ndipo ntchito yachiwiriyi ndiye yovuta.

Mafakitale aakulu koposa

Njira zake ndi ziwiri. Yoyamba aliyense amene anaonapo kutcheza kachasu akuidziwa: wiritsani madzi, gwirani nthunzi, iziziritseni mumpope, ndipo chimene chidonthe kumapeto chilibe mchere. Yachiwiri, imene amaitcha reverse osmosis, ndi yofinya. Mapampu amakankha madzi ndi mphamvu yaikulu pa sefa ya timabowo tosaoneka ndi maso, madzi n'kudutsa, mchere n'kutsala.

Dziko lopanga madzi otere ambiri koposa ndi Saudi Arabia, dziko lalikulu lopanda mtsinje ndi umodzi womwe woyenda chaka chonse. Fakitale yake ya Ras Al-Khair, imene inayamba ntchito mu 2014 ndipo imagwiritsa njira zonse ziwiri, imatulutsa malita 1,036 miliyoni pa tsiku. Mutawagawa kwa anthu 20 miliyoni, aliyense angalandire zigubu ziwiri ndi theka. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 299,168 m'boma la Nsanje ndi 564,684 m'boma la Chikwawa. Kuti aliyense wa iwo alandire chigubu chimodzi, fakitale imeneyi siingathe ndi theka la ola lomwe. Ambiri mwa madziwo amakwera m'mipope makilomita mazanamazana kupita ku likulu la Riyadh, pakati pa chipululu.

Pa mafakitale ofinya okhaokha, yaikulu koposa ndi Taweelah ku Abu Dhabi, ya malita 909 miliyoni pa tsiku. Koma pa malo amodzi okhala ndi makina ambiri pamodzi, Guinness World Records mu 2022 inapatsa ulemu Jebel Ali ku Dubai, kumene kumatuluka malita oposa 2 biliyoni pa tsiku.

Manambala amenewa amachititsa chizungulire mpaka mutawaika pafupi ndi mtsinje. Ntchito yonse ya Ras Al-Khair ndi malita 12,000 pa sekondi. Shire amadutsa pa Chiromo ndi malita mazana a zikwi pa sekondi, usana ndi usiku, popanda womulipira. Chimene Aluya amagula ndi mabiliyoni a madola, ife chimatidutsa pakhomo, ndipo mayi wa mjigo wa mchere uja akadali ndi chigubu pamutu.

Zakale koposa

Nzeru yake si yachilendo. Aristotle analemba zaka zoposa 2,300 zapitazo kuti nthunzi ya madzi a m'nyanja ikazizira imakhala yokoma. Mzinda wa Jeddah unalandira makina oyendera malasha mu 1907, ndipo anthu a kumeneko anawatcha kindasa, kupotoza dzina lachizungu la makinawo monga momwe ifenso timachitira ndi mawu obwera. Kuwait, mafuta asanailemeretse, inkaitanitsa madzi akumwa pa ngalawa kuchokera ku mtsinje wa Shatt al-Arab ku Iraq. M'zaka za m'ma 1950 inamanga makina ake ku Shuwaikh, ndipo lero pafupifupi madzi onse akumwa m'dzikolo ndi ochokera m'nyanja.

Koma yakale imene imandigwira mtima ili ku Las Salinas, m'chipululu cha Atacama ku Chile. Mu 1872 injiniya Charles Wilson anayala mabokosi a matabwa ovundikira ndi magalasi pa malo oposa pang'ono ekala imodzi. Ankathiramo madzi a mchere a m'chitsime, dzuwa n'kuwatenthetsa, nthunzi n'kugwira pa galasi, madontho n'kutsetserekera mu ngalande. Tsiku la dzuwa labwino ankapeza malita oposa 20,000, zigubu chikwi, zomwetsa anthu a m'migodi ndi nyulu zawo, ndipo zinagwira ntchito zaka pafupifupi 40. Panalibe dizilo, panalibe magetsi. Dzuwa limene linabweretsa mchere ndi lomwelo linauchotsa. Dzuwa limenelo ku Chigwa tili nalo lochuluka.

Woyamba sanali wa m'nyanja

Apa ndiime pang'ono, chifukwa nkhani iyi ndi ya ife. Sefa yofinyira ija anaikonza ndi Sidney Loeb ndi Srinivasa Sourirajan pa yunivesite ya California ku Los Angeles cha m'ma 1960. Ambiri angaganize kuti anakaiyesa kugombe. Ayi. Fakitale yoyamba ya mtunduwu yomwetsa anthu inatsegulidwa mu 1965 ku Coalinga, katauni ka kumtunda, kutali ndi nyanja, kamene vuto lake linali zitsime za mchere. Kwa zaka zambiri nyumba za ku Coalinga zinali ndi mipope itatu: wa madzi otentha, wa ozizira, ndi wachitatu wa madzi akumwa amene ankabwera pa sitima ya pamtunda. Makina oyambawo ankatulutsa malita pafupifupi 19,000 pa tsiku, zigubu 950, zokwanira mudzi umodzi waukulu wa kwa Mlolo kapena kwa Mbenje.

Chifukwa choyambira ku chitsime n'chomveka. Madzi a mjigo wowawa ali ndi mchere wochepa kwambiri poyerekeza ndi a m'nyanja, choncho safuna kufinya kwamphamvu, ndipo magetsi ake ndi ochepa. Mpaka lero mizinda ya kumtunda ikuchita zomwezo. El Paso ku Texas inatsegula mu 2007 fakitale ya malita 104 miliyoni pa tsiku, yodziwika ngati yaikulu koposa mwa zakutali ndi nyanja. Choncho wonena kuti nkhani yochotsa mchere siikhudza dziko lopanda gombe ngati lathu sanamwepo tiyi wa madzi a mjigo wa ku Ngabu.

Otsika mtengo koposa, ndi chimene chabisala kumbuyo kwake

Mtengo wakhala ukutsika modabwitsa. Mu 2020 kampani ya IDE inapambana ntchito yomanga fakitale yachiwiri ya Sorek ku Israel polonjeza masenti 41 a dola ya America pa malita 1,000 alionse, ndipo ku Hassyan, Dubai, mitengo inatsika kuposa pamenepo. Malita 1,000 ndi zigubu 50, ndiye kuti chigubu chimodzi sichikwana senti imodzi. Mayi wogula madzi pa kiyosiki m'tauni angadabwe kumva zimenezi.

Koma umenewo ndi mtengo wa pachipata cha fakitale, madzi asanalowe mumpope, m'dziko la magetsi osazima ndi ngongole za chiwongoladzanja chochepa. Kufinya malita 1,000 a m'nyanja kumadya mayunitsi a magetsi atatu kapena anayi. Tiwerengere pa atatu: fakitale ya msinkhu wa Taweelah ingafune mamegawati oposa 110 osalekeza. Kapichira yense, pa Shire yemweyu kumtunda kwa Chikwawa, amapanga mamegawati 130, ndipo tonse tikukumbukira mdima umene unagwa namondwe Ana atagumula damu lake mu Januwale 2022. Madzi a m'nyanja ndi magetsi osandulika madzi. Amene alibe magetsi alibenso madziwo, ngakhale nyanja itamunyambita mapazi.

Kodi madzi opanga amathetsa nkhondo?

Ili ndilo lonjezo lalikulu koposa la ntchito imeneyi, ndipo ndi limene lakwaniritsidwa pang'ono koposa. Maganizo ake ndi osavuta: mayiko amakangana chifukwa mtsinje ndi umodzi, ndiye mukapanga madzi atsopano mkangano utha. Pambuyo pa nkhondo ya 1967, Dwight Eisenhower ndi Lewis Strauss a ku America anabweretsa pulani yomanga mafakitale oyendera mphamvu ya nyukiliya kuti Israel ndi anansi ake amwere pamodzi. Palibe imene inamangidwa.

Israel inadzipangira yokha. Inatsegula Ashkelon mu 2005, kenako Palmachim, Hadera, Sorek mu 2013 ndi Ashdod mu 2015, mpaka madzi ambiri a m'mipope ya m'nyumba akhala ochokera ku Mediterranean. M'zaka za m'ma 1960 dzikolo linkawomberana ndi Syria polimbirana magwero a Yordano, ndipo mpope wake waukulu unkatunga m'Nyanja ya Galileya kupita kum'mwera. Kumapeto kwa 2022 inatsegula mpope wobwezera madzi opanga m'nyanja yomweyo, chinthu chimene chinali chisanachitikepo kwina kulikonse. Madzi ochulukawo anathandiza kuti mu 2021 Israel ivomere kugulitsa kwa Jordan malita ena 50 biliyoni pa chaka, kuwonjezera pa a pangano la mtendere la 1994. Pamenepa tinene zoona, madzi opanga anafewetsa zokambirana.

Koma onani zotsatira. Mu Novembala 2021 mayiko awiriwa anasainirana ku Dubai chikalata choti Jordan izipereka magetsi a dzuwa, Israel izipereka malita 200 biliyoni pa chaka. Nkhondo ya ku Gaza itabuka, Jordan inanena mu Novembala 2023 kuti siisainanso pangano lenilenilo, ndipo yaika mtima pa fakitale yakeyake ku Aqaba ndi mpope wa makilomita oposa 400 wopita ku Amman. Ku Gaza komweko, kumene madzi a pansi oposa 90 pa 100 alionse anali osayenera kumwa nkhondo isanayambe, UNICEF ndi European Union anatsegula fakitale ku Deir al-Balah mu Januwale 2017. Mu Malichi 2025 Israel inadula magetsi opita ku fakitaleyo. Ana a ku Gaza anali ndi nyanja pamaso, makina pambali, zigubu zouma m'manja. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa palibe mwana amene anayambitsa nkhondo.

Fakitale imapulumutsa dziko ku mnansi wogwira mpope, zoona. Mu Febuluwale 1964 Fidel Castro atatseka madzi opita ku malo a asilikali a America ku Guantanamo, Amerika anaphwasula makina ku San Diego n'kukawamanga kumeneko, ndipo sanapemphenso madzi kwa Cuba. Koma dziko limene limamwa pa mafakitale owerengeka laika khosi lake poyera. Mu 1991 asilikali a Iraq anawononga makina a madzi a Kuwait ndi kutayira mafuta m'nyanja, kutayika kwa mafuta kumene kuli m'gulu la kwakukulu koposa m'mbiri. Mantha amenewa ndiwo anachititsa Abu Dhabi kukwirira malita 26 biliyoni a madzi opanga pansi pa mchenga wa Liwa, nkhokwe imene inatha mu 2018 ndipo ndi yaikulu koposa ya mtundu wake, yoti imwetse anthu miliyoni imodzi kwa masiku 90 zinthu zitavuta.

Palinso chifukwa china chimene mikangano ya mitsinje siithera. Pa madzi onse amene anthu amatunga pa dziko, pafupifupi 70 pa 100 alionse amapita kumunda. Madzi a m'fakitale angamwetse mzinda, angathirire tomato wogulitsa ku Ulaya, koma kuthirira nawo chimanga kapena mpunga ufa wake sungagulike. Mlimi akadali pa mtsinje, ndipo mkangano uli pomwepo.

Ife a pa Chiromo tikudziwa kuti kulimbirana madzi si nkhani ya ludzu lokha. Mu 1889 asilikali a Serpa Pinto wa ku Portugal anamenyana ndi Amakololo m'chigwa chino, Britain inaopseza Portugal mu Januwale 1890, ndipo pangano la 1891 linasandutsa Ruo kukhala malire. Chimene ankalimbirana chinali njira ya sitima zapamadzi yochokera ku Zambezi. Mu Okutobala 2010, pa mwambo wotsegulira doko la Nsanje, bwato lonyamula feteleza limene anthu ankaliyembekezera linagwidwa ndi boma la Mozambique lisanafike. Mkangano wa Nyanja ya Malawi ndi Tanzania nawo wagona pa pangano la Heligoland la 1890 ndi fungo la mafuta. Palibe sefa imene ingasefe zimenezo.

Zodula zimene zinangogona

Ku Yuma, Arizona, America inamanga fakitale yaikulu pofuna kukwaniritsa pangano la 1973 ndi Mexico, loti madzi a mtsinje wa Colorado asafike kumalire ali owawa mchere. Inatha mu 1992, inagwira miyezi yowerengeka, madzi osefukira anawononga ngalande yake, ndipo kuchokera apo yangoyatsidwa poyeserera. Ku Australia fakitale ya Wonthaggi, imene anaiyamba chilala chitavuta, inatha mu 2012 mvula itabwerera, ndipo inakhala mpaka 2017 isanatumize madzi ku Melbourne, anthu akulipirabe.

Abale athu okhala ku Cape Town anaziona ndi maso. Kuyambira pa 1 Febuluwale 2018 munthu aliyense ankaloledwa malita 50 okha pa tsiku, ndipo mzinda unathamangira kumanga timafakitale ku Strandfontein, Monwabisi ndi ku V&A Waterfront. Tonse pamodzi tinkayenera kupereka malita 16 miliyoni pa tsiku, kadontho poyerekeza ndi ludzu la mzindawo. Chimene chinapulumutsa Cape Town ndi kudziletsa kwa anthu, madzi amene alimi anapereka, ndi mvula ya m'nyengo yozizira. Timafakitale tija tinatsekedwa patangopita zaka zochepa.

Mu Africa

Algeria ndiyo inatsogola ndi fakitale ya Magtaa pafupi ndi Oran, ya malita 500 miliyoni pa tsiku. Morocco inatsegula ya ku Agadir mu 2022, yomwetsa anthu ndi kuthirira minda ya ndiwo zamasamba, ndipo mu Juni 2024 inayamba kumanga ya Casablanca, imene ikadzatha idzaposa zonse mu Africa. Kuno kum'mwera yaikulu ndi ya Erongo ku Namibia, yomangidwa mu 2010 ndi kampani ya ku France ya Areva. Sanaimangire mudzi. Anaimangira mgodi wa yureniyamu, ndipo matauni a kugombe anadzamwa nawo pambuyo.

Walira mvula walira matope

Mchere wochotsedwa suzimirira. Kafukufuku wa bungwe la United Nations University wa mu 2019 anawerenga mafakitale pafupifupi 16,000 m'mayiko 177, otulutsa malita 95 biliyoni a madzi abwino pa tsiku, ndi malita 142 biliyoni a madzi otsalira owawa mchere kuposa poyamba. Pa chigubu chilichonse chakumwa pamatsala chigubu ndi theka chotaya. Kuposa theka la zotayazo zimachokera ku Saudi Arabia, United Arab Emirates, Kuwait ndi Qatar, ndipo zambiri zimabwerera m'nyanja, kumene zimamira pansi n'kutsamwitsa zamoyo.

A kugombe ali ndi kotayira, ngakhale koipa. Ife tilibe. Makina ang'onoang'ono oyendera sola ataikidwa pa mjigo wa mchere ku Chigwa, madzi otsalirawo atayidwa kuti? M'munda apha mapira. Mu Elephant Marsh avulaza mlamba ndi makakana amene asodzi amadalira. Pangafunike madziwe osaya, oyalidwa bwino pansi, oti dzuwa liumitse mpaka mchere utsale, ntchito ija ya agogo athu itabwerera m'chovala china. Wobweretsa makina asanayankhe funso limeneli asaloledwe kukumba maziko.

Zoposa zathu

Nyanja yamchere ili makilomita oposa 200 kuchokera pa Chiromo, kuseri kwa dziko la eni. Palibe wanzeru amene angakoke madzi kumeneko kudzawathira pafupi ndi Shire. Koma nafenso tili ndi zimene tinatsogola nazo, ndipo timaziiwala. Pampu ya Afridev, imene amayi amapukusa m'mayiko ambiri a mu Africa, inabadwa kuchokera ku pampu ya Maldev imene inakonzedwa m'Malawi muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Mipope ya madzi oyenda okha kuchokera m'mapiri, imene inayamba ku Chingale mu 1968 anthu a m'midzi akukumba ngalande ndi makasu awo, inatchuka mpaka akunja ankabwera kudzaphunzira. Sinkafuna yuniti ndi imodzi yomwe ya magetsi.

Maganizo anga ndi awa. Choyamba, wokumba mjigo ku Chigwa ayambe wayeza nthaka ndi kufunsa eni mudzi kumene kuli madzi okoma, chifukwa mjigo wa mchere ndi ndalama zokwiriridwa, ngakhale m'malipoti umawerengedwa kuti anthu alandira madzi. Chachiwiri, kumene kuli chitsime chokoma kapena mtsinje, pampu ya sola, thanki, klorini ndi mpope zimafika patali motsika mtengo kuposa sefa iliyonse. Makina ochotsa mchere akhale a malo amene njira zinazi zakanika, monga chipatala kapena sukulu yozingidwa ndi nthaka ya mchere mbali zonse, ndipo pakhale munthu wophunzitsidwa, ndalama ya masefa atsopano ndi dziwe lotayira. Kolera wa 2022 ndi 2023, woopsa koposa m'mbiri ya dziko lino, anapha anthu oposa 1,700. Mjigo uliwonse umene mayi amaulambalala umamutumiza kumene kolerayo amadikira.

Pakali pano ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira, yoti idzathirire mahekitala 43,370, ntchito ya ulimi wothirira yaikulu koposa imene Malawi anayesapo. Idzanyamula madzi okoma kudutsa pakati pa midzi yomweyo ya mijigo yowawa, ndipo ndikufuna kudzaona mipope ya madzi akumwa ikuphuka m'mbali mwake, osati mizere ya nzimbe yokha. Akatswiri ake asamalenso ngalande zotulutsa madzi m'minda, pakuti kuthirira nthaka yotentha popanda potulukira kumakweza mchere uja kufika pamizu. Malinga ndi pulani, ngalandeyo idzathera ku Bangula, kutsidya la kuzambwe. Chiromo, Makhanga ndi Muona ali tsidya lino, pansi pa mapiri a Thyolo, kumene timitsinje timatsika tokha chaka ndi chaka kudzathira mu Shire ndi Ruo.